Hita ya Agogo Inasankhidwa ndi Khonde Lonse

Chiperoni chikagwa ku Limbe, malonda amatembenuka tsiku lomwelo. Ogulitsa mafirizesi amasowa, anyamata a kaunjika amakweza majuzi m'mwamba n'kumakuwa mitengo, ndipo fungo la mbatata yowotcha limakutsata mpaka kudepoti. Mphepo imeneyi imachokera ku Mozambique itasenza chinyontho cha m'nyanja yamchere, ndipo ikafika kumapiri kuno imasanduka chifunga ndi kamvula kowaza kosadziwa kukata. Loweruka lina mu June, kamvula kameneka kanatiunjika pakhonde la sitolo ina ya zipangizo zamagetsi. Panali mayi wa nthochi ndi dengu lake, mnyamata wa kabaza amene anatsamiza njinga yake yamoto kukhoma, ndi madala ena a ovolosi yabuluu, tesita itatsomekedwa m'thumba la pachifuwa. Aliyense manja m'khwapa. Senderani muime nafe, malo alipo.

Pakhomo pa sitoloyo anali atandandalikapo mahita, iliyonse pamwamba pa katoni yake. Panali timahita tating'ono ta fani, panali a timachubu towala, ndipo kumapeto kunaima aakulu oyera a nthiti, okhala ndi timatayala kunsi. Imodzi ya timachubu anali ataiyatsa dala, ili psuu. Tonse tinkasendera komweko pang'onopang'ono, aliyense akunamizira kuthawa madontho a padenga.

Kenaka linatulukira banja. Bambo patsogolo, jekete yachikopa, mayendedwe a munthu wodziwa chimene wabwerera. Mayi pambuyo, atafunda chitenje pamwamba pa juzi, chikwama atachipana zolimba m'khwapa. Msungichuma anadziwikiratu.

"Fikani bwana! Fikani mami!" Mnyamata wogulitsa anadumpha pampando. "Chisanu chimenechi si chamasewera. Katundu yense apa ndi orijino."

Bambo aja sanazengereze. Anatola kahita ka fani n'kukayeza kulemera m'manja.

"Aise, 2000 yalembedwa apayi ndi chiyani?"

"Mphamvu imeneyo, bigi. Mukangodina apa, maminitsi asanu chipinda chonse chasanduka Nsanje."

Mayi aja anaseka, dzanja pakamwa. "Ndiye mwalasa, achimwene. Eni ake a hitayo achokeradi ku Nsanje."

Nkhani inatuluka yokha, monga zimakhalira anthu akabisala mvula pamodzi. Apongozi awo, mayi a bambo ajawo, abwera kudzakhala nawo ku Bangwe kuti azionana ndi adokotala chifukwa cha miyendo. Munthu wakulira kuchigwa cha Shire, kumene kutentha ndiye chizolowezi, wafikira m'tsinde mwa phiri kumene chifunga chimafika mpaka pakhomo.

"Dzulo usiku ndinadzidzimuka cha m'ma 1 koloko," anatero mayiwo motsitsa mawu, koma tonse makutu ali tcheru. "Ndati ndikawazonde. Ndapeza alowetsa mbaula kuchipinda, chitseko atseka, mpata wa pawindo atsekapo ndi chiguduli. Iwo ali gone, makala akuyaka. Ine sindinagonenso mpaka kunja kuyera."

"Mayo ine!" Mayi wa nthochi anatula dengu pansi. "Asisi, musalolenso zimenezo. Mbaula m'nyumba ndi imfa. Chaka ndi chaka timamva maliro ake."

Mayiyo sananame. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo sutsokomoletsa. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amene ali maso amayamba kumva litsipa, chizungulire ndi kufooka, koma amene ali m'tulo sadzuka n'komwe kuti amve zimenezo. N'chifukwa chake nyengo yozizira ikafika apolisi ndi azaumoyo amachenjeza anthu, ndipo ndimaganizira kwambiri alonda a m'tinyumba ta pageti ndi mabanja a makanda. Banjali silinabwere ku Limbe kudzagula zamanyado. Linabwera kudzachotsa mbaula kuchipinda cha agogo, ndipo ukamalanda chinthu m'manja mwa munthu wamkulu umayenera kuikamo china.

Bambo aja anali atayamba kale kuyang'ana chikwama cha akazi awo pamene madala a ovolosi anakhosomola. Anavala magalasi omangidwa ndi kawaya mbali imodzi, n'kupempha kahita kaja ndi manja awiri. Kumaso kwake sanakuyang'ane. Anakatembenuza chadodolido n'kuwerenga kapepala kasiliva komatidwa kunsi.

"Pepani bwana, ndalowerera za eni. Mita kwanuko ndi yanuyanu, kapena mumagawana ndi alandilodi?"

"Ndi yathu, madala. Mayunitsi timagula tokha."

"Zili bwino, chifukwa mukanakhala ogawana, mlandu ukanayamba usiku uno. Mverani tsono. Yunitsi imodzi ya ESCOM ndi mawatsi 1,000 kwa ola limodzi. Kanthu aka ndi ka 2,000. Ola lililonse kadya mayunitsi awiri. Agogo akagona 9 koloko n'kudzuka 5 koloko ndi maola 8, mayunitsi 16. Usiku umodzi wokha umenewo."

Mayi aja anali atasolola kale foni. Chala chinathamanga, milomo ikutsatira. "Kuchulukitsa ndi masiku 30... 480!" Anatembenuza foni kuti amuna awo aone okha. "Abambo, ife mwezi wonse, ndi firiji yomwe, timafika pamenepa?"

Bambo aja anakanda kumutu. Kahita kanabwerera pakatoni yake mwaulemu.

"Madala, mukundiphera geni," anadandaula wogulitsa, koma akumwetulira.

"Ayi mwanawe, ndikukugulitsira. Ukawanamiza lero, Lolemba abwera nako kahitaka ali wuwuwu ndi ukali."

Apa pagona chinthu chimene ambiri sitinachimvepo. Hita yamagetsi iliyonse, yotchipa ndi yodula yomwe, imasandutsa magetsi onse amene yadya kukhala kutentha. Palibe imene imabisako, palibenso imene imaonjezera. Mahita awiri a mawatsi 1,000 amadya mofanana ndipo amatulutsa kutentha kofanana, kaya imodzi yachokera ku China inayo ku Germany. Katoni ikanena kuti hita yake ndi yosadya magetsi, kawirikawiri ndiye kuti mawatsi ake ndi ochepa, ndipo kutentha kwakenso n'kochepa. Kunyumba timakalipira ana chifukwa chosiya babu la mawatsi 10 likuyaka masana, chonsecho kahita ka 2,000 kamadya zofanana ndi mababu otere 200 oyaka nthawi imodzi. Kusiyana kwenikweni kwa mahita kuli pa kaperekedwe ka kutenthako. Ina imafunditsa munthu amene wakhala patsogolo pake, ina imauzira mpweya wotentha mwachangu, ina imafunditsa chipinda chonse pang'onopang'ono.

Madala anasuntha n'kuima pa hita yofiira ija, ife n'kuwapatsa mpata monyinyirika.

"Iyi chubu chimodzi ndi mawatsi 400, awiri 800. Imatenthetsa chokhacho chimene yayang'ana. Zili ngati kuwotha moto pabwalo: kumaso thukuta, kumsana chisanu. Kwa munthu wokhala pampando, woonera TV kapena wosoka, ndi yabwino zedi, ndipo chubu chimodzi chimayaka maola awiri ndi theka pa yunitsi imodzi. Koma yogona nayo ayi."

Anatambasula mwendo n'kuikankha pang'ono ndi nsonga ya nsapato. Hita inapendekeka, tinamva kuti tha, kufiira kuja n'kuyamba kuzirala. Khonde lonse linati "Aaa!" Madala anaigwira pachogwirira, n'kuitukula kuti tione kabatani kakuda kotuluka kunsi kwake.

"Aka kakasiya kuponda pansi, moto umaduka. Hita yopanda kabatani aka musaitenge ngakhale akupatseni ulere. Mwana akaigunda, kaya mphaka akaigwetsa, imapitiriza kuyaka chafufumimba pamkeka."

"Mwaona?" Wogulitsa anatukula mapewa, akutiyang'ana mmodzimmodzi. "Ndinanena ine kuti orijino."

Ya fani madala sanainyoze. Anati ndi ya changu: kulowa m'chipinda chozizira, kuyatsa maminitsi khumi pomuveka mwana akasamba, n'kuzimitsa. Koma ikazima kutentha kwathera pomwepo, imasokosa usiku wonse, imaulutsa fumbi, ndipo nsalu ikatseka kumbuyo kumene imakokera mpweya imatentha mopyola muyeso.

"Ya agogo ndi iyo," analowerera mnyamata wa kabaza, akuloza ndi mlomo hita ya nthiti. "Ine ndakhalako ku Joni, madala. Chisanu ichi n'chibwana. Kumeneko m'mawa umapeza madzi aundana pagalasi la galimoto. Ya oyilo imeneyo abwana anga ankaika kuchipinda cha mwana."

"Ya oyilo?" Bambo aja anabwerera m'mbuyo. "Ndiye oyiloyo tizikagula kuti? Tiyambenso kugona pamzere ndi chigubu?"

Khonde lonse linafa nacho chiseko. Ngakhale abwana a sitolo, amene anali duu kuseri kwa kauntala, anadzutsa mutu.

"Ayi bwana," anatero madala akupukuta misozi pansi pa magalasi. "Oyilo wake sapsa ndipo satha. Anamutsekera m'katimo kufakitale. Waya wamagetsi amatenthetsa oyilo, oyilo n'kutenthetsa nthitizi, nthiti n'kufunditsa mpweya. Imachedwa kugwira, koma ikagwira imasunga, moti magetsi akathima imakhalabe yofunda kanthawi. Palibe chofiira poyera, palibe phokoso." Anagwira kagudumu ka pambali n'kukazunguliza mpaka kanalira kuti tiki. "Aka ndi thermostat. Chipinda chikafunda kufika pamene mwaikapo, kamadula moto kokha. Chikayamba kuzizira, kamayatsanso. Mayunitsi amapulumukira pamenepa."

Mayi wa nthochi anali akusenda nthochi imodzi, maso ali pa hita. "Koma kuchipindako kuli siling'i? Kwanga kulibe. Ndikaphika, kutentha konse kumathawira kumalata."

Madala anamuwombera m'manja kawiri. "Funso la lero ndi limeneli, mayi. Mpweya wotentha umakwera. M'nyumba yopanda siling'i, hita ya oyiloyi ifunditsa mbalame za padenga, agogo ali pansi akunjenjemera. Kumeneko ndi bwino ya timachubu, kuwotha madzulo muli maso, n'kuzimitsa pokagona."

Mwayi wake, chipinda cha agogo chinali chaching'ono, cha siling'i, bedi limodzi ndi windo limodzi. Madala anati ya nthiti 7, ya mawatsi 1,500, ikwana bwinobwino, palibe chifukwa chotengera yaikulu. Anawonjeza kuti chiguduli chija agogo anatsekera pawindo chisatayidwe. Mbaula ikatuluka, chimenecho chigwira ntchito yabwino, ndipo china chiikidwe kunsi kwa chitseko.

Nditaima pamenepo ndinayamba kulingalira chifukwa chimene anthu akuluakulu ochenjera, odziwa kusankha nsalu ndi kutsutsa mtengo wa thumba la chimanga, amasokonezekera akafika pa hita. Nyumba zathu tinazimangira kutentha. Tinasiya timabowo ta mpweya pamwamba pa mawindo, pansi tinathira simenti, pamwamba tinakhoma malata. Chisanu chathu n'chachifupi, chimalimba mu June ndi July basi, ndipo chimaluma kwenikweni kumalo okwera ngati Dedza, Mzuzu, Zomba, Thyolo ndi kuno ku Limbe. Ambirife tinakula tikudziwa juzi, bulangete ndi moto wa kukhitchini, ndipo palibe kholo limene linatiphunzitsa kuwerenga kapepala ka kunsi kwa hita. Komanso munthu wamphamvu zake sawirikiza kugula hita chifukwa cha iye mwini. Amagulira khanda, wodwala, kapena nkhalamba, anthu amene sangathawe msanga zinthu zikavuta usiku. Choncho mafunso oyamba sayenera kukhala a mtengo. Tikufunditsa ndani? Ali maso kapena ali m'tulo? M'chipinda chotani, kwa maola angati? Mayankho amenewa ndi amene amasankha hita, chikwama chimabwera pambuyo.

Madala anali asanamalize. Anasolola tesita m'thumba n'kuloza nayo pulagi.

"Kuno kwathu magetsi ndi a mavoti 230, ndipo pulagi yake ndi iyi ya mano atatu a ngodya, yonga ya ku Britain. M'katimu muli fyuzi ya 13. Imeneyo imasenza mawatsi pafupifupi 3,000, ikapyola imaduka kuti nyumba isapse."

"Za ku Joni ndi za mano obulungira," anatero wa kabaza.

"Eya, ndipo ikabwera yotero musinthitse pulagi yonse kwa munthu wodziwa, osati kusanjikiza maadaputa. Nanga zija za mano awiri, zimene mumalowetsa potsegula soketi ndi kiyi kapena chivindikiro cha bolopeni? Pa chaja cha foni mumapulumuka nazo. Pa hita musayese."

Anatembenukira kwa mayi aja, chifukwa anali ataona kumene mawu akukhazikika. "Mami, hita ilowe kukhoma mwachindunji. Ekisitenshoni ya waya woonda, mukaikapo hita ndi ketulo, mwapyola kale 3,000, ndipo pulasitiki imasungunuka kunsi kwa bedi inu muli m'tulo. Tsiku loyamba mukayatsa, pakatha theka la ola mukagwire pulagi. Ikatentha moti n'kuthawitsa dzanja, zimitsani, muitane wa zamagetsi. Agogo amagona m'neti?"

"Eya, madala."

"Hita iime mtunda wa mita imodzi kuchoka pa neti, pa katani ndi pa zofunda. Ndipo musayanikepo kanthu, ngakhale sokosi za ana a sukulu zitakana kuuma ndi chiperoni."

Mayi aja anayang'ana pansi n'kumwetulira. Zinaonekeratu kuti maganizo a sokosiwo anali atawafikira kale.

Bambo aja anakonza kolala ya jekete, pofuna kuti nawonso aponyepo lawo. "Magetsi akathima palibe vuto. Tilumikiza kubatire ya sola."

Madala anapukusa mutu mofatsa. "Batire ya mavoti 12, ya 100 ija, ikadzadza imasunga yunitsi imodzi ndi kapang'ono. Hita iyi ola silikwana yaimaliza, ngati inveta singayambe yalira. Magetsi akathima, bulangete lachiwiri, chipewa, sokosi, ndi botolo la madzi otentha lokulunga m'nsalu kumapazi. Mbaula yokha isabwererenso."

Tsopano inafika nthawi ya mami. Mtengo wa hita ya oyilo unaposa wa kahita ka fani kangapo, ndipo atautchula wogulitsa, mayi aja anagwira pachifuwa, anakonza chitenje, n'kuyamba kutsika masitepe kulowera mumvula. "Mami! Mami! Bwererani tikambirane!" Mnyamata anathamangira kukauntala, ananong'onezana ndi abwana ake, anabwera ndi mtengo wina. Mayi anapukusa mutu. Anapitanso. Pobwera kachiwiri, mayi anati aiyatse kaye aione. Tinadikira tonse, ndipo nthiti zitayamba kufunda aliyense anafuna kuikapo chikhatho, mpaka wa kabaza anavula gulovu. Mayi anawerengeranso pafoni: maola awiri madzulo agogo asanagone, mayunitsi atatu ikadya kwambiri, pamwezi 90.

"Abambo, mwezi uno mpira mukaonera kwa aneba."

Bambo aja anapuma mozama. "Chabwino. Ndi mayi anga."

"Ndi amayi athu," anawongola mayiwo, akutsegula chikwama. "Achimwene, mulembe risiti, ndi tsiku lomwe."

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma banjali silinafunse malangizo n'komwe. Nzeru zinawapeza zokha pakhonde, kuchokera kwa anthu amene sadzawaonanso. Madala sanalandire kobiri. Mayi wa nthochi anataya makasitomala awiri kapena atatu ali kalikiliki ndi siling'i ya eni. Wa kabaza anakana ulendo wa ku Kanjedza pofuna kuona mathero. Zimenezi zimandisangalatsa m'tauni muno. Timadandaula kuti anthu auma mitima, koma ingotchulani kuti kunyumba kuli gogo amene akugona ndi mbaula, muona anthu osadziwana akusanduka achibale a gogoyo.

"Nanga mbaulayo muwalanda bwanji?" anafunsa mayi wa nthochi pamene katoni inkamangidwa ndi chingwe. "Akuluakulu amakakamira."

"Sindiwalanda, asisi. Aziwotha pakhonde madzulo, aziwotchera adzukulu awo mbatata. Ikakwana nthawi yogona, makala tizizimitsa ndi madzi panja, iwo n'kukapeza chipinda chafunda kale. Sadzaifunsanso."

Minibasi ya ku Bangwe inaima tsidya lina la msewu, kondakitala atalendewera pachitseko. Bambo anasenza katoni paphewa, mayi akuitchinjiriza ndi chitenje kuti isanyowe.

"Katoniyo ilipira mpando, bigi!"

"Ndiinyamula pamiyendo ine," anayankha mayi, atalowa kale phazi limodzi.

"Ikaime chilili, osaigoneka poyatsa!" anakuwa madala, manja atazinga pakamwa.

Anabweza tesita m'thumba, anapinda magalasi, n'kuyamba kuyang'ana kumwamba ngati kamvula kachepa. Koma mayi wa nthochi anali atathyola kale nthochi ziwiri zonenepa pachipeso, n'kuwapatsa atagwira mkono.

"Madala, musachoke kaye. Mwana wanga akulemba Fomu 4, amawerenga mpaka usiku, zala zimachita kuuma. Kwanga kuja kopanda siling'i, mita timagawana mabanja atatu. Ya chubu chimodzi ija munati imadya bwanji?"

Madala anatulutsanso magalasi. Wogulitsa anakoka mpando n'kuwaikira.